Kodi Kudziwa Phunziro N'kokwanira Kuti Munthu Aphunzitse? Za Athandizi a Aphunzitsi m'Mayunivesite a ku Cape Town

Chaka chilichonse m'mwezi wa February, mayunivesite a ku Cape Town akatsegulira, achinyamata zikwizikwi amakwera chitunda cha ku Rondebosch kupita ku University of Cape Town, pamene ena amalowera ku Bellville kumene kuli University of the Western Cape. Pulofesa amene dzina lake lili pamwamba pa ndondomeko ya phunziro amangomuonera patali, ataima kutsogolo kwa holo yodzaza ndi anthu mazanamazana, ndipo ambiri mwa iwo chaka chimatha asanayankhulane naye. Amene amawadziwa mayina, amene amachonga ntchito yawo sabata ndi sabata ndi kuima nawo patebulo mu labotale, ndi munthu wina: wophunzira mnzawo wa digiri yachiwiri kapena yachitatu, amene kumeneko amatchedwa tutor, kapena demonstrator akakhala wa mu labotale. M'nkhani ino munthu ameneyu atchedwa mthandizi.

Kawirikawiri mthandizi amasankhidwa chifukwa chakuti adakhoza bwino phunziro limene akukathandizalo. Kasankhidwe kotere katsamira pa chikhulupiriro chakale chakuti amene akudziwa chinthu angathenso kuchiphunzitsa. Mayunivesite awiriwa ali ndi maphunziro okonzekeretsa athandizi, ndipo kuzama kwake kumasiyana dipatimenti ndi dipatimenti, monga zilili m'mayunivesite ambiri padziko lapansi. Pena mthandizi amauzidwa za kalembera, kachongedwe ndi malamulo a chitetezo; pena amapitirira pamenepo n'kuphunzitsidwa zimene kafukufuku wapeza pa nkhani ya mmene ophunzira amaphunzirira. Ambiri amaona kusiyana kumeneku ngati nkhani ya ndalama ndi nthawi chabe. Koma pansi pake pali funso la chilungamo: kodi yunivesite ili ndi ufulu woika munthu patsogolo pa ophunzira a chaka choyamba isanamuonetse mmene maganizo a ophunzirawo amayendera?

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti ufulu wotero palibe. Chifukwa chake n'chakuti kusadziwa kwa mthandizi sikuthera mwa iye mwini. Mthandizi amene sakumvetsa chimene chabala yankho lolakwika amafunabe kudzifotokozera chimene chachitika, ndipo chifukwa chimene chimakhala pafupi ndi chakuti wophunzirayo ndi waulesi kapena wosowa nzeru. Motero umbuli wa wophunzitsa umasanduka chiweruzo pa wophunzira, ndipo mumzinda wa mbiri ngati ya Cape Town chiweruzo chimenechi chimagwera anthu omwe aja amene malamulo akale adawatsekera kunja.

Kampira ka patebulo

M'zaka za m'ma 1990, aphunzitsi awiri a fizikisi pa University of Cape Town, Saalih Allie ndi Andy Buffler, mogwirizana ndi Fred Lubben ndi Bob Campbell a ku University of York ku England, adayamba kufufuza zimene ophunzira a chaka choyamba amaganiza akamayeza zinthu mu labotale. Mafunso awo adazungulira pa chinthu chimodzi chosavuta. Kampira kamasiyidwa pamwamba pa thabwa lotsetsereka lomangiriridwa m'mphepete mwa tebulo, kamagubuduzika, kamalumpha n'kukagwa pansi, ndipo wophunzira amayeza mtunda wochokera patebulo kukafika pamene kagwerapo. Ophunzira ankafunsidwa ngati n'kofunika kubwereza muyeso, ndiponso kuti miyeso ikasiyana alembe uti. Mwachitsanzo, kampira kakagwa koyamba pa mamilimita 436, kachiwiri pa 426, kachitatu pa 436, mtunda wake ndi wotani? Chofunika kwambiri chidali chakuti wophunzira aliyense ankalemba chifukwa chimene wasankhira yankho lake.

Zotsatira zake, zimene zidayamba kusindikizidwa mu 1998, zidaonetsa kuti pali njira ziwiri za kaganizidwe. Ophunzira ena ankakhulupirira kuti pali mtunda umodzi woona umene muyeso umodzi wochitidwa mosamala ungaupeze. Kwa iwowa kubwereza kudali kongofuna kuzolowera kapena kudikira kuti chiwerengero china chioneke kawiri, ndipo pachitsanzo chija akadasankha 436. Ena ankaona kuti muyeso uliwonse ndi woyandikira chabe, kotero kuti miyeso yonse iyenera kutengedwa pamodzi, avareji yake ipezeke, ndiponso kumwazikana kwake kufotokozedwe. Njira yachiwiriyi ndi imene sayansi imagwiritsa ntchito. Chimene chidadzidzimutsa ofufuzawo n'chakuti pakutha pa maphunziro a mu labotale, ophunzira ambiri adali atadziwa kuwerengera avareji ndi kumwazikana kwa miyeso, koma akafunsidwa chifukwa chake ankayankhabe mwa njira yoyamba ija. Manja adali ataphunzira masamu, pamene maganizo adakali pomwe adali.

Apa ndi pamene athandizi awiri amasiyanirana. Woyamba akaona 436 papepala amachonga kuti ndi cholakwa, amalemba pambali njira yopezera avareji, n'kupita pa pepala lina. Sabata yotsatira wophunzirayo amalemba avareji, amapeza malikisi, ndipo onse awiri amakhulupirira kuti vuto latha. Wachiwiri, amene adawerengapo za kafukufukuyu, amadziwa kuti 436 ali ndi mwini wake, ndipo amafunsa kuti, "Chifukwa chiyani mwasankha chiwerengero chimenechi?" Yankho limene amamva limakhala lanzeru ndithu. Wogulitsa pamsika akawerenga ndalama kawiri n'kupeza ziwerengero zosiyana, amadziwa kuti walakwitsa penapake, ndipo amawerenganso mpaka ziwiri zigwirizane. Wophunzirayo watenga lamulo labwino la kuwerenga n'kuliika pa kuyeza, pamene silikugwira ntchito. Ngakhale liwu lachingerezi lakuti error, limene mabuku akale a labotale amagwiritsa ntchito ponena za kusiyana kwa miyeso, limamulimbikitsa kuganiza kuti wina walakwitsa. Mpaka mthandizi atafika pa ganizo limeneli ndi kuligwedeza, palibe chimene waphunzitsa.

Ofufuza a ku Cape Town aja adazindikira kuti mbali ina ya vutoli idali m'kaphunzitsidwe, ndipo adalemba maphunziro atsopano a kuyeza otsamira pa mfundo yakuti muyeso uliwonse, ngakhale umodzi wokha, uli ndi chikayiko chimene chiyenera kuwerengeredwa. Mafunso awo adagwiritsidwanso ntchito m'maiko ena, kuphatikizapo ku University of Colorado Boulder ku America, ndipo kaganizidwe kofuna chiwerengero chimodzi choona kadapezekanso kumeneko. Izi zikusonyeza kuti kaganizidweka si chilema cha ana a ku Khayelitsha kapena ku Gugulethu. Ndi njira imene munthu aliyense woganiza amayambira.

Chipata ndi chipinda

Chitsanzo cha kampira chikadatha kuchokera mumzinda uliwonse, koma kulemera kwake ku Cape Town n'kosiyana. Lamulo la Bantu Education la mu 1953 lidakonzera ana a anthu akuda maphunziro otsika mwadala, ndipo lamulo la mu 1959 lidaletsa anthu amene sadali azungu kulembetsa m'mayunivesite ngati University of Cape Town popanda chilolezo cha nduna. University of the Western Cape idatsegulidwa mu 1960 kuti ikhale ya makaladi okha. Mu 1980, pamene ophunzira akuda adayamba kuchulukirako, University of Cape Town idakhazikitsa Academic Support Programme yowathandiza, ndipo ntchito imeneyi idakula mpaka kukhala gawo la Centre for Higher Education Development. Ulamuliro watsankho utatha mu 1994, zipata zidatsegukira aliyense mwa lamulo.

Koma ziwerengero zidaonetsa kuti kutsegula chipata sikudathetse nkhani. Mu 2007, Ian Scott, Nan Yeld ndi Jane Hendry, onse a ku University of Cape Town, adalembera bungwe la Council on Higher Education lipoti lotsatira ophunzira amene adalowa koyamba m'sukulu zaukachenjede za South Africa m'chaka cha 2000. Pakutha pa zaka zisanu, mwa ophunzira 100 aliwonse, 30 okha ndiwo adali atamaliza. 56 adali atachoka pamene adalembetsa asanamalize, ndipo 14 adali akuphunzirabe. Chaka choyamba ndicho chidataya anthu ambiri, ndipo kutayikako kudatsata mizere ya mtundu ndi umphawi. Mu 2013 gulu lina la bungwe lomweli, lotsogoleredwa ndi Njabulo Ndebele, lidapeza kuti mwa ophunzira a m'mayunivesite ophunzirira pamalo, pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankamaliza m'nthawi yoikika.

Wally Morrow, katswiri wa filosofe ya maphunziro amene adaphunzitsa pa University of the Western Cape, ndiye adapereka mawu ofotokozera zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iye adasiyanitsa kuloledwa kulowa pa yunivesite ndi kulowa m'chidziwitso chenichenicho, kumene adakutcha epistemological access. Koyambako ndi nkhani ya malo, fizi ndi kalata yoitanira. Kwachiwiriko ndi kuphunzira kuchita nawo ntchito ya phunzirolo, kudziwa chimene chimawerengedwa ngati umboni mu fizikisi, mu mbiri yakale kapena m'malamulo. Morrow adaumirira kuti kulowa kwachiwiriku munthu sangapatsidwe m'manja ngati mphatso, pakuti wophunzira ayenera kukugwirira ntchito yekha. Komabe mfundo yomweyi imaika udindo waukulu pa wophunzitsa. Ngati wophunzira ayenera kuyenda yekha, payenera kukhala wina amene akudziwa pamene iye waima ndi pamene njira imasocheretsa.

Holo ya anthu mazana asanu singathe kuchita zimenezi. Malo okhawo pamene ganizo la wophunzira mmodzi lingamveke ndi kagulu ka anthu khumi kapena makumi awiri, ndipo kagulu kameneka kali m'manja mwa mthandizi. Choncho pali chinthu chopotoka m'kakonzedwe ka yunivesite: ntchito yovuta koposa, yolowetsa mlendo m'chipinda cha chidziwitso, imaperekedwa kwa mphunzitsi wamng'ono koposa, wolipidwa pa ola, amene nayenso ali pa liwiro lolemba kafukufuku wa digiri yake.

Zimene wodziwa amaiwala

Wina angafunse kuti, kodi mthandizi si amene ali pafupi kwambiri ndi wophunzira, popeza iye adadutsa m'phunziro lomwelo zaka zitatu kapena zinayi zapitazo? Kuyandikana kumeneku n'chuma ndithu, koma kuli ndi msampha wake. Mthandizi adasankhidwa chifukwa phunzirolo silidamuvute monga lidavutira anzake. Zokhoma zimene zikugwetsa ena iye adazilumpha osaziona, kapena adaziiwala. Alexandru Maries ndi Chandralekha Singh, pa kafukufuku amene adachita ku University of Pittsburgh, adapempha athandizi a fizikisi kuti alosere mayankho olakwika amene ophunzira ambiri amasankha pa mafunso odziwika a mphamvu ndi kuyenda kwa zinthu. Pa mafunso ambiri athandiziwo adalephera kuloza vuto lofala, ngakhale kuti yankho lolondola ankalidziwa.

Lee Shulman, mu 1986, adanena kuti pali chidziwitso chapadera chimene mphunzitsi amafunika kukhala nacho kuwonjezera pa kudziwa phunziro: kudziwa zimene zimapangitsa mutu wakutiwakuti kukhala wovuta, maganizo amene ophunzira amabwera nawo, ndi zitsanzo zimene zimatsegula mutu. Chidziwitso chimenechi chingathe kusonkhanitsidwa ndi kuphunzitsidwa. Ku University of Washington, gulu la Lillian McDermott lidakhazikitsa mwambo wakuti athandizi azikumana sabata iliyonse asanalowe m'kalasi, aziyankha okha mafunso amene ophunzira akukayankha, kenako aziwerenga mayankho enieni a ophunzira ndi kukambirana mafunso oyenera kuwafunsa. Kawirikawiri athandizi amazindikira pamsonkhano wotero kuti nawonso adali ndi mipata imene mayeso sadaione.

Achewa adaidziwa kale nzeru imeneyi pa nkhani ya chinamwali. Namwali amakhala ndi phungu wake, munthu amene adavinidwa kale, amene amamuperekeza, kumulimbitsa mtima ndi kumumasulira zimene akuona. Phunguyo sagwira ntchito payekha. Amakhala pansi pa namkungwi, amene amasunga mwambo wonse ndi kudziwa cholinga cha gawo lililonse. Kuvinidwa kumamuyenereza phungu kulowa kutsimba, koma amene amaongolera ntchito yake ndi namkungwi. Yunivesite imene imalemba mthandizi ntchito n'kumusiya yekha ikuchita ngati mudzi umene wapereka namwali kwa phungu, namkungwi n'kupita kumunda.

Palinso nkhani ya chiyankhulo, imene ku Cape Town siingapewedwe. Ophunzira ambiri amaganiza ndi kukambirana m'Chixhosa kapena m'Chiafrikaans, koma amalemba mayeso m'Chingerezi. Moragh Paxton adafufuza zolemba za ophunzira a chaka choyamba a zachuma pa University of Cape Town ndipo adaonetsa kuti zambiri zooneka ngati zosokonekera m'nkhani zawo zidali zizindikiro za munthu amene ali pakati pa ulendo, akulumikiza kalankhulidwe ka kwawo ndi ka kusukulu ya sekondale ndi kalankhulidwe katsopano ka phunzirolo. Mbulungeni Madiba, pa nthawi imene adali pa yunivesite yomweyo, adatsogolera ntchito yomasulira mawu ofunika a maphunziro ena m'ziyankhulo za dzikolo kuti ophunzira azitha kukambirana tanthauzo lake m'chiyankhulo chimene amachidziwa bwino. Mthandizi amene sadamvepo za ntchito zimenezi amaona Chingerezi chopunduka n'kuganiza kuti maganizo nawonso ndi opunduka.

Zimene otsutsa anganene

Mfundo yoyamba yotsutsa ndi yakuti uphunzitsi ndi mphatso yobadwa nayo, ndipo kafukufuku sangausinthe mtima wouma kukhala woleza. Izi zili ndi choonadi chake. Koma kuleza mtima kopanda chidziwitso kumangobwereza kufotokoza komweko kachiwiri ndi kachitatu, mwaulemu ndi momwetulira, wophunzira osasuntha. Dokotala wachifundo amene sadziwa zizindikiro za matenda sachiritsa munthu chifukwa cha chifundo chakecho. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo ayeneranso kudziwa mbali imene maso a nkhono amatulukira.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri, ndipo imachokera kwa ophunzira eni ake. Zionetsero za Rhodes Must Fall, zimene zidayamba pa 9 March 2015 ndi kuchititsa kuti chiboliboli cha Cecil John Rhodes chichotsedwe pa 9 April chaka chomwecho, zidadzutsa madandaulo opitirira pa chiboliboli. Ena mwa madandaulowo adali akuti maphunziro othandizira amaika chizindikiro pa wophunzira wakuda ngati munthu woperewera woyenera kukonzedwa, pamene yunivesite ikudziona yangwiro. Chrissie Boughey ndi Sioux McKenna a ku Rhodes University adzudzulanso chizolowezi choona wophunzira ngati munthu wopanda mbiri ndi kwawo, amene kulephera kwake kumafotokozedwa ndi zimene zili mwa iye yekha. Kodi kuphunzitsa athandizi mndandanda wa zolakwa za ophunzira sikungowapatsa mawu aulemu onenera chipongwe chakale chomwe chija?

Ngozi imeneyi ndi yeniyeni, ndipo mbiri ya kafukufuku wina ikuonetsa mmene imachitikira. Mu 1976, Ference Marton ndi Roger Säljö a ku Gothenburg ku Sweden adapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, ndipo adapeza kuti ena ankayesa kuloweza mawu pamene ena ankafunafuna chimene wolemba akutanthauza. Kuchokera pamenepo kudabadwa mawu akuti kuphunzira kwapamwamba ndi kuphunzira kozama. M'maphunziro ambiri ofulumira, mawuwa adasanduka mayina a mitundu ya anthu, ngati kuti pali wophunzira wobadwa wosaya ndi wina wobadwa wozama. Koma ofufuzawo ankanena za njira imene munthu amatenga pa ntchito yakutiyakuti, ndipo adaonetsa kuti mtundu wa mafunso amene wophunzira akuyembekezera umasintha kawerengedwe kake. Jenni Case, pamene ankaphunzitsa uinjiniya wa zamakemikolo pa University of Cape Town, adatsatira ophunzira a chaka chachiwiri ndipo adapeza kuti kupanikizika ndi nthawi kunkakankhira ambiri ku kuloweza njira za masamu, ngakhale m'phunziro limene lidakonzedwa kuti lilimbikitse kumvetsa.

Tanthauzo lake n'lakuti kafukufuku wowerengedwa bwino amatembenuzira maso a mthandizi ku phunziro ndi kwa iye mwini. Akaona wophunzira akuloweza, amafunsa chimene m'kachongedwe kake, m'kuchuluka kwa ntchito kapena m'mafunso a mayeso chikupangitsa kuloweza kukhala njira yanzeru yopulumukira. Wophunzira amene amadzuka m'bandakucha ku Mitchells Plain kuti akwere minibasi ziwiri, ndipo ali ndi mayeso atatu sabata imodzi, akasankha kuloweza ndiye kuti wawerengera bwino nthawi yake. Choncho muyeso wa maphunziro a athandizi ndi uwu: ngati mthandizi atuluka ndi mayina atsopano otchulira ophunzira, maphunzirowo alephera ndipo awonjezera chipongwe; ngati atuluka ndi mafunso atsopano ofunsa ophunzira ndi odzifunsa yekha, akwaniritsa cholinga chake.

Mfundo yachitatu ndi yakuti kafukufukuyu ndi wa ku Sweden ndi ku America, ndipo kumubweretsa ku Africa n'kupitiriza kudalira nzeru za kunja. Nkhani ya kampira ija yayankha kale mbali ina, pakuti mafunso adabadwira ku Rondebosch n'kupita ku Colorado. Mbali yotsalayo ndi yakuti zimene zidapezeka kwina ziyenera kutengedwa ngati zoyembekezera zoti ziyesedwe, ndipo woziyesa woyamba ndi mthandizi amene ali ndi mapepala makumi awiri a ophunzira m'manja sabata iliyonse. Rochelle Kapp ndi Bongi Bangeni adatsatira kwa zaka zingapo ophunzira a pa University of Cape Town ochokera m'mabanja osauka, ndipo adaonetsa mmene kuphunzira kalankhulidwe ka yunivesite kumayendera limodzi ndi nkhawa yotalikirana ndi kwawo. Zoterezi sizikadapezeka ku Gothenburg. Zidapezeka chifukwa wina adamvetsera ophunzira a pamalopo kwa nthawi yaitali.

Mlandu uli pa yani?

Ngati kusadziwa kwa mthandizi kumapweteka wophunzira, n'kosavuta kuloza chala mthandiziyo. Kutero n'kulakwa. Munthu sangaimbidwe mlandu posadziwa chimene sadauzidwe kuti chilipo. Mthandizi ndi wophunzira amene akufuna ndalama ya lendi ndi chakudya, ndipo amene amamuyang'anira pa kafukufuku wake amamukumbutsa kuti digiri siidzabwera chifukwa chochonga mapepala. Kumuuza kuti awerenge za kaphunziridwe pa nthawi yake yopuma, popanda malipiro, n'kuwonjezera chisalungamo china pa choyamba chija. Udindo uli pa yunivesite, chifukwa ndiyo imatenga fizi, ndiyo imalemba mthandizi ntchito, ndiponso ndiyo ili ndi chidziwitsocho m'nyumba mwake momwe.

Mfundo yomalizayi ndiyo yopweteka. Yunivesite ndi malo amene salola munthu kunena kanthu popanda umboni. Wophunzira wa digiri yachitatu akalemba chiganizo chimodzi chopanda maziko, omuyesa amamubweza. Koma munthu yemweyo akatuluka mu labotale yake n'kulowa m'kalasi, amaloledwa kuphunzitsa motsata zimene akukumbukira ndi zimene akuganiza, ngati kuti nkhani ya kuphunzira siidafufuzidwepo. Kale kudali kotheka kunena kuti palibe amene akudziwa chifukwa chimene ophunzira amalepherera. Lero, pakadutsa zaka pafupifupi makumi asanu za kafukufuku, wina mwa iye wochitikira m'makalasi a ku Cape Town momwemo, kusadziwa kwasanduka chosankha. Bungwe limene lasankha kusagwiritsa ntchito zimene likudziwa liyenera kuyankhapo pa zotsatira zake.

Zofunika kuchita si zachilendo. Maola okonzekera a mthandizi ayenera kulipidwa monga maola a m'kalasi. Maphunziro ake ayenera kukhala a phunziro limene akuthandiza, pakuti zokhoma za mu fizikisi n'zosiyana ndi za m'malamulo, ndipo ayenera kuchitika chaka chonse m'malo mwa tsiku limodzi la mu February. Pamsonkhano wa sabata iliyonse payenera kukhala mayankho enieni a ophunzira, mayina atafufutidwa, ndipo mphunzitsi wamkulu wa phunzirolo ayenera kukhalapo. Kukhalapo kwakeko kuli ndi phindu lina: mthandizi ndiye amaona msanga pamene kalasi yonse yasochera, ndipo zimene waona ziyenera kukwera kukafika kwa amene amakonza phunziro ndi mayeso. Chiyambire kutuluka kwa ChatGPT mu November 2022, yankho lolembedwa bwino wophunzira angalipeze pafoni m'kanthawi kochepa, kotero kuti pepala lokongola silinenanso zambiri za zimene zili m'mutu mwa mwini wake. Izi zawonjezera mtengo wa mthandizi amene amadziwa kufunsa pamaso m'pamaso ndi kumva chimene chili kuseri kwa yankho.

Nkhaniyi siithera m'malire a South Africa. Pakati pa athandizi a ku Rondebosch ndi ku Bellville pali achinyamata ochokera ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi maiko ena a m'chigawo chino, amene akamaliza digiri ena mwa iwo amabwerera kukakhala aphunzitsi ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Lusaka, kumene makalasi ndi odzaza ndipo ophunzira ambiri adakula akuyankhula chiyankhulo china osati Chingerezi. Ku University of Malawi nako kwakhala chizolowezi cholemba ntchito ena mwa omaliza maphunziro okhoza koposa ngati ma staff associate, motsamira pa chikhulupiriro chomwe chija chakuti wodziwa angaphunzitse. M'mera mpoyamba: zimene munthu wazolowera m'chaka chake choyamba cha uphunzitsi amayenda nazo zaka makumi atatu. Mthandizi amene waphunzira kuchonga ndi kudutsa adzakhala pulofesa wochonga ndi kudutsa, ndipo adzalemba ntchito athandizi ena ofanana naye.

Ulemu umene yunivesite ili nawo kwa wophunzira umaoneka pa nthawi imene wophunzirayo walakwitsa. Kumuyamikira akakhoza n'kosavuta, ndipo aliyense angathe. Koma pepala la 436 likafika patebulo, pamakhala mphindi imodzi pamene mthandizi amasankha kuona cholakwa chokha kapena kuona munthu amene waganiza n'kufika pamenepo mwa njira yake. Kusankha kwachiwiriku kumafuna mtima wabwino, ndiponso kumafuna chidziwitso chimene mtima wabwino paokha sungabale. Chidziwitsocho chilipo, chidalembedwa, ndipo china chidalembedwa ndi aphunzitsi a mumzinda womwewo. Yunivesite imene yatsegulira wophunzira chipata ili ndi ngongole yokonzekeretsa munthu amene akukamulandira m'chipinda, ndipo ngongole imeneyi iyenera kubwezedwa mthandizi asanagwire pepala loyamba.